Njira Yosayendamo Imamera Udzu

Aliyense amene anaimapo pa Kameza m'mawa amadziwa kuti apa ndi pamphambano. Msewu wina umakhotera ku bwalo la ndege la Chileka. Wina umalunjika ku Lunzu ndi Lirangwe mpaka pa Zalewa, pomwe ena amapatukira ku Mwanza ulendo wa ku Joni, ena n'kupitirira ku Balaka ndi ku Ntcheu. Wina umabwerera m'tauni kudzera ku Chirimba. Ndakhala pafupi ndi mphambano imeneyi zaka zoposa 30, ndipo msewu uliwonse unanditengerako munthu. Mwana wanga woyamba anapita ndi wa ku Mwanza. Anzanga ena amene tinkadyera limodzi nsima kuntchito anadutsa pano komaliza ali m'bokosi, amayi akuimba pamwamba pa lole, ulendo wa kumudzi.

Tsopano imvi zadzaza m'mutu, ndipo mawu amene amandibwerera kawirikawiri ndi a malume anga. Tsiku lomwe ndinkanyamuka kwathu ku Ntcheu kudzafuna ntchito ku Blantyre, anandiperekeza mpaka pamsewu. Sananene za mowa kapena za akazi monga ndinkayembekezera. Anangoti, "Mphwanga, kumene ukupitako ndalama ukazipeza. Koma njira yosayendamo imamera udzu. Uzibwera." Mawu a akulu akoma akagonera. Panthawiyo ndinkaganiza kuti akunena za njira ya kumudzi yokha. Lero ndikuona kuti ankanena za njira iliyonse yopita kwa munthu.

Tikamva mawu akuti malangizo timaganiza za ana: namwali kwa anamkungwi, mnyamata pamphala, akwati pamaso pa ankhoswe. Nzoona, ana timawalangiza kuti azilemekeza akulu, azilandira chinthu ndi manja awiri, azilandira katundu wa agogo panjira. Koma makolo athu analinso ndi malangizo a munthu amene akukalamba. Sankawanenera pachinamwali ayi. Ankawanenera pamaliro, pabwalo la milandu ndi pamoto usiku. Mutu wake unali umodzi: ukalamba wokhala ndi anthu umafesedwa munthu akadali ndi mphamvu, ndipo nkhalamba yomwe ili ndi gawo lake poupalira.

Kumudzi zimenezi zinkayenda mosavuta chifukwa mudziwo unkamangidwa mozungulira achikulire. Agogo aakazi anali tsinde la mbumba. Atsikana ankagona kukuka, m'nyumba ya agogo, ndipo mmenemo ankamva zimene mayi wawo sakanatha kuwauza. Malume anali mwini mbumba: ukwati sunkamangidwa popanda iwo, mlandu sunkakambidwa iwo kulibe. N'chifukwa chake ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu wokalamba sankasowa anthu chifukwa anthu sankatha kuchita zinthu popanda iye.

M'tauni zinthu zinagona mwina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, koma kuchuluka kwa anthu si ubale. Ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa woyandikana naye nyumba akhoza kukhala walendi amene asamuka mwezi wamawa. Kuno ku Kameza ndi ku Machinjiri, aliyense akagula puloti amayamba ndi mpanda wa njerwa ndi geti. Mpandawo umatchinga akuba, koma umatchinganso moni. Ambiri a ife anzathu tinawapezera kuntchito. Ukakwanitsa zaka 60 n'kupuma, mwezi woyamba foni imalira, wachiwiri imalira mwa apo ndi apo, chaka chikamatha imangokhala duu. M'tauni palibe amene angakulambulire njira. Ukapanda kuyendamo wekha, imatsekeka.

Langizo loyamba tsono ndi la phazi. Ubale umayenda ndi miyendo. Mukamva kuti mnzanu wagonekedwa ku Queens kapena ku Mlambe, pitani mukamuone, ngakhale mutanyamula nthochi zokha. Mukaona masamba atayikidwa pamsewu, patukani mukakhale pansi ndi anamfedwa. Anthu amaiwala kuchuluka kwa chipepeso, koma saiwala amene anagona nawo pasiwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinaonapo maliro a bambo wina wopeza bwino, amene pamoyo wake ankangotumiza ndalama ndi dalaivala kumaliro a anzake. Pa maliro ake galimoto zinali mbwee masana, koma usiku pamoto panali anthu owerengeka. Palibe amene anapangana zomulanga. Kungoti njira zopita kwa iye zinali zitamera kale udzu. Ndipo musamayembekeze zovuta zokha. Kupita kwa mbale popanda chifukwa, kungoti "ndimati ndikuoneni," ndiko kumalimbitsa ubale kuposa ulendo wa pamaliro.

Lachiwiri ndi la pakamwa. Akale ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ife okalamba tili ndi chiyeso chimodzi chachikulu: kusandutsa ulendo uliwonse wa ana athu kukhala bwalo la milandu. Mwana wachokera ku Lilongwe, asanakhale n'komwe pansi tayamba kale kuwerenga miyezi imene sanatumize ndalama, kudandaula za mpongozi, kufanizira ndi ana a kwa aneba. Mwanayo amapirira chifukwa cha ulemu, koma ulendo wotsatira amauchedwetsa. Kudzudzula kuli ndi malo ake, ndipo kholo losadzudzula silikonda mwana. Koma mwambo unatiphunzitsa kuti mlendo amayamba walandiridwa, wamwa madzi, wadya, wapuma, ndiye nkhani zolemera zimabwera pambuyo, kumbali, osati pamaso pa adzukulu. Za m'banja la mwana wanu zili ndi ankhoswe ake. Nyumba ya agogo izikhala malo amene munthu amatulukamo mtima utapepuka.

Lachitatu ndi la anzathu a msinkhu umodzi. Mwana ngakhale akukondeni chotani, sangakumbukire nanu mtengo wa buledi wa m'zaka za m'ma 1970, kapena mmene tinkaimira pamsewu Kamuzu akamadutsa. Pali zinthu zimene zimamveka kwa amene munaona nawo dzuwa limodzi. Amayi pa ichi anatiposa. Ali ndi Mvano, ali ndi Dorika, ali ndi miphakati, ali ndi banki nkhonde, ndipo mmodzi akasowa kawiri anzake amanyamuka kukamuona. Abambo ambiri tikapuma pantchito timangotsala ndi wailesi. Anzanga, tulukani. Pitani pabawo pansi pa mtengo, lowani m'komiti ya kumpingo, kumzikiti kapena ya chitetezo cha m'dera. Musasankhe anzanu poyang'ana udindo umene munali nawo kuofesi, pakuti unatsala konko. Amene adzathamange usiku mukadwala ndi woyandikana naye mpanda, ngakhale akhale wogulitsa makala. Lende n'kukankhana.

Lachinayi ndi la kumudzi, ndipo apa ndilankhula ndi chisoni chifukwa inenso ndinalakwapo. Panapita zaka 7 ndisanaponde kwathu, ndikunena kuti thiransipoti yakwera, ntchito yachuluka. Nditapita, ana a mlongo wanga anandipatsa moni wa mlendo, ndipo malume aja ndinangoonetsedwa manda awo. Chibale ndi fupa, sichiola, koma fupa lopanda mnofu silifunditsa munthu. Ambiri timanena kuti tikadzafa akatiike kwathu. Kodi tikufuna kukakumbiridwa manda ndi anthu amene sadziwa nkhope yathu? Pitani mukadali moyo. Tengani ana ndi adzukulu akaone pamene panakwiriridwa mchombo wanu, adziwe azakhali awo ndi asuweni awo, adziwe mfunda wawo ndi malire a munda. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi, koma ana obadwira ku Chilomoni sangaidziwe mizuyo popanda wowalozera. Nkhani za nyumba ndi puloti zikambeninso poyera, mkazi kapena mwamuna wanu, ana ndi akuchimuna ndi akuchikazi ali pomwepo, ndipo muzilembe. Mabanja ambiri a m'tauni muno anasiya kuyenderana chifukwa cha chuma cha masiye chimene mwini wake anachisiya osanenapo kanthu.

Lachisanu ndi la foni. Ena a msinkhu wanga amaikana, amati ndi za ana. Ine ndinaphunzira phindu lake mu 2020, matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno mwezi wa April. Kuno ku Kameza kunali malo osungirako odwala matendawa, ndipo ife achikulire tinauzidwa kuti tisamayendeyende. Anthu opita kumaliro anachepetsedwa, kupatsana moni wa pamanja kunaletsedwa. Masiku amenewo mdzukulu wanga anandiphunzitsa kutumiza mawu pa WhatsApp, ndipo ndinayamba kumva mawu a mwana wanga wa ku Johannesburg Lamulungu lililonse. Choncho musachite manyazi kuphunzitsidwa ndi mwana. Musadikirenso kuti akuimbireni ndiwo, ngati kuti kuyamba kuimba n'kudzichepetsa. Koma matenda omwewo anandiphunzitsanso malire a foni. Tsiku limene tinayambiranso kukhala pamodzi m'tchalitchi, ndinaona amuna akuluakulu akupukuta misozi. Foni imasunga njira kuti isatsekeke, koma siilowa m'malo mwa phazi.

Lachisanu ndi chimodzi ndi la adzukulu. M'chinenero chathu mawu akuti adzukulu amatanthauza ana a ana athu, komanso anthu okumba manda. Ine ndimaona nzeru pamenepo: amene umawanyamula pamwendo lero ndiwo adzakunyamule mawa. Mwambo unalola agogo kuseka ndi adzukulu, mpaka kumatchulana "amuna anga" kapena "akazi anga," kuti mwana akhale ndi munthu wamkulu amene samuopa. Tisataye mwayi umenewu. Asiyeni alowe m'nyumba ngakhale adetse mipando. Auzeni nthano ndi zilapi, aphunzitseni mayina a mitengo ndi mbalame, afotokozereni kumene makolo awo anachokera. Agogo ambiri m'dziko muno analera adzukulu okha Edzi itatenga ana awo m'zaka za m'ma 1990. Amenewo anationetsa kuti nkhalamba si katundu, ndi mzati.

Tsopano kwa inu ana athu. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba timazilandira ndi manja awiri, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma ndalama sizifunsa kuti "mwadzuka bwanji?" Kuchokera ku Chilomoni kufika ku Kameza ndi minibasi ziwiri basi. Bwerani mudzakhale pakhonde, mudzadye nafe, mudzatifunse maganizo ngakhale pa zinthu zimene mwaganiza kale. Munthu wamkulu amafooka msanga akaona kuti palibenso amene akufuna nzeru zake.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa kuposa zonse. Mu January 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana wina m'mudzi mwawo. Nkhani zotere zimamvekabe, ndipo nthawi zambiri otsogolera amakhala achibale. Agogo akayamba kuiwalaiwala, kulankhula okha kapena kusochera usiku, amenewo ndi matenda a ukalamba, ofunika chipatala ndi chisamaliro. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mabungwe monga MANEPO akhala akulankhulapo kwa zaka zambiri. Koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Chimene chimateteza nkhalamba ndi anthu olowa ndi kutuluka pakhomo pake. Amene amanenedwa ufiti kawirikawiri ndi uja amakhala yekha, wosauka, amene njira ya kunyumba kwake inamera udzu. Agogo oyenderedwa ndi ana awo palibe amene amawaloza chala.

Masiku ano Loweruka lililonse ndimavala jekete langa n'kutsika pa Kameza. Sabata ina ndimakwera ya ku Lunzu kukaona mnzanga amene maso anasiya kuona, ina ndimapita ku Machinjiri kwa mlamu wanga wamasiye, ndipo zokolola zikalowa m'nkhokwe ndimapita kwathu ku Ntcheu, kumene ana a mlongo wanga tsopano amandithamangira akufuula kuti amalume abwera. Maondo amawawa, ndalama ya minibasi imavuta, koma ndikudziwa kuti tsiku likubwera limene sindidzathanso kufika pamsewu. Tsiku limenelo ndidzakhala pakhonde, geti lili lotsekula, ndipo amene adzabwere adzadzera m'njira zomwe ndikupondamo lero.