Chokondweretsa chikasanduka mtolo

Pali kutopa kumene munthu amabwera nako kuchokera kumunda kapena kunyanja. Mankhwala ake timawadziwa tonse: madzi osamba, nsima yotentha ndi tulo. Koma palinso kutopa kwina kosamvera tulo, kochokera ku chinthu chimene munthu anachisankha yekha kuti chizimupumitsa. Palibe anamutuma, palibe akumulipira, koma akachiganizira mtima umalemera ngati wa munthu wangongole. Funso lathu ndi ili: chokondweretsa chimasanduka bwanji mtolo, ndipo amene wausenza achite chiyani?

Chitsanzo chooneka bwino tichitenge kwa anthu osonkhanitsa makhadi a zithunzi za osewera. Kampani ya Panini, imene inayamba mu 1961 mumzinda wa Modena ku Italy, imagulitsa zithunzi za osewera mpira m'timapaketi totseka, pamodzi ndi buku lozimatamo. Buku lake loyamba la mpikisano wa World Cup linatuluka mu 1970. La mpikisano wa ku Qatar mu 2022 linali ndi malo 670, ndipo kapaketi kalikonse kamakhala ndi zithunzi zisanu. Powerengera mwachangu, timapaketi 134 tikanakwana. Koma wogula sadziwa zimene zili mkati, ndipo zambiri zimangobwerezabwereza. Masamu amasonyeza kuti munthu wosasinthana ndi anzake angafunike timapaketi toposa 900, ndipo theka la ndalamazo limathera pa zithunzi pafupifupi 20 zomaliza. Poyamba kapaketi kalikonse kamabweretsa nkhope zatsopano. Kumapeto munthu amatsegula khumi osapeza kanthu, koma kusiya kumamuvuta chifukwa mipata yotsalayo ikumuyang'ana.

Ku America nkhaniyi inafika patali. M'zaka za 2020 ndi 2021, anthu atabindikira m'nyumba chifukwa cha Covid-19, ambiri anabwerera ku makhadi amene ankasunga paubwana, ndipo mitengo inakwera moopsa. Mu May 2021 masitolo a Target anayamba aimitsa kugulitsa makhadi a masewera, anthu atamenyana chifukwa cha makhadiwo panja pa sitolo ina ku Wisconsin. Mu August 2022 khadi limodzi la 1952 la Mickey Mantle, wosewera baseball, linagulidwa madola 12.6 miliyoni. Koma mitengo ya makhadi ambiri wamba inatsika, ndipo ochuluka anatsala ndi makatoni amene safunanso kuwatsegula. Dandaulo lawo ndi lofanana: munthu anayamba chifukwa chokonda wosewera, koma tsopano akagwira khadi diso limathamangira pa mtengo wake.

Kuno ku Ntcheu makhadi otere sitiwaona kawirikawiri, koma mtima wake tili nawo. Mwana amayamba ndi kudula zithunzi za osewera m'nyuzipepala zakale n'kuzimata pachikuto cha kope lake. Akakula amasakasaka majezi pakaunjika wa pa Boma kapena pamsika wa Lizulu, ndipo timu ikasintha jezi chaka chamawa, yakaleyo imaoneka yochititsa manyazi. Foni imadzaza ndi zithunzi ndi timavidiyo ta zigoli, bandulo n'kumatha tsiku lisanathe. Kenako pamabwera udindo woonera masewero onse. Kuyambira kumapeto kwa October mpaka March, masewero ambiri a Champions League amayamba 10 koloko usiku pa nthawi yathu, n'kutha cha pakati pa usiku, pamene adhana ya Fajr imamveka cha m'ma 4 koloko. Mnyamata wogulitsa mbatatesi pamphambano ya Tsangano, ngakhalenso mnzake wosoka ukonde ku Chipoka, amadzuka maso ali gwa, mtima utawawa chifukwa cha chigoli cholowa ku London. Mukamufunsa ngati akusangalalabe, amayankha kuti sangasiye. Yankho limenelo si la funso limene mwafunsa.

Ife tikuona kuti gwero la kutopaku ndi kuwerenga. Chikondi chimayang'ana chimene chili m'manja, pomwe kuwerenga kumayang'ana chimene chikusowa. Mwana wa zithunzi khumi amadziwa nkhani ya chilichonse. Wa zithunzi 650 amangodziwa 20 zimene alibe, ndiponso kuti mnzake ali nazo. Qur'an yolemekezeka ili ndi sura yathunthu pa matenda amenewa, ya nambala 102, yotchedwa At-Takathur, ya ndime zisanu ndi zitatu. Imachenjeza za mpikisano wochulukitsa zinthu umene umatangwanitsa munthu mpaka imfa kumupeza, ndipo imatha ndi chikumbutso chakuti tidzafunsidwa za mitendere imene tinapatsidwa. Surayi siitchula kuti zochulukitsazo ndi chiyani. Zikhoza kukhala ng'ombe, minda, majezi kapena zithunzi. Akuluakulu athu anaona zomwezo pamene anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Palinso mbali ina yofunika kuinena mosabisa. Kapaketi kotseka kamakoka mtima chifukwa cha kusadziwa chimene chili mkati. Malamulo a malonda m'Chisilamu amakaniza kugulitsana chinthu chosadziwika, chimene chimatchedwa gharar, ndipo chitsanzo chimene ophunzira akale ankapereka n'chodziwika kwa aliyense wa kunyanja: kugulitsa nsomba imene idakali m'madzi. Za kapaketi ka mwana kotsika mtengo tikhoza kukambirana ndi mashehe athu. Koma munthu akamagula poyembekezera kuti mwina apezamo chodula, wayandikira khomo la juga. Kwathu kuno khomo limenelo ndi lotsegula kale, pakuti wotopa ndi kungoonera mpira amauzidwa kuti akabetcha masewero adzakomanso. Amakomadi kwa sabata zingapo, kenako m'thumba mumadzaza timatikiti toluza, ndalama ya feteleza itapita. Za juga sura ya Al-Maida inanena momveka, ndipo palibe chokambirana.

Wina anganene kuti njira yachidule ndi kuletsa zonse, kutentha zithunzi ndi kutseka mawailesi. Ife sitikugwirizana nazo. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha, ndipo analola anthu a ku Habasha kusewera ndi mikondo mumzikiti. Kusangalala ndi gawo la umunthu. Ambiri tikukumbukira January 2022, pamene Flames inadutsa koyamba ndime ya m'magulu ya mpikisano wa Africa ku Cameroon, ndi chigoli chapatali chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco. Tinagonja 2-1, koma chimwemwe cha usiku umenewo chinali chenicheni, ndipo palibe anafunika kugula kanthu kuti achimve. Komanso kholo lotentha zithunzi za mwana silichotsa chilakolako. Limangophunzitsa mwanayo kubisa.

Chimene chikufunika ndi muyeso. Nkhani ya Salman Al-Farisi ndi Abu Darda imatithandiza pano. Salman anapeza m'bale wakeyo akusala masana onse ndi kupemphera usiku wonse, banja litaiwalika. Anamudyetsa, namugoneka, namukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake, aliyense ali ndi gawo lake pa iye. Mtumiki atamva anavomereza mawu a Salman. Ngati mapemphero opyola muyeso anabwezedwa m'malire chifukwa cha thupi ndi banja, nanga mpira ndi zithunzi? Choncho kutopa kuja tisakuone ngati mdani. Ndi thupi ndi banja zikuitanitsa gawo lawo limene linalandidwa.

Wotopa ayambe ndi kupuma kwa nthawi yoikika, mwina mwezi umodzi, osagula, osatsitsa zithunzi, osatsatira zotsatira za masewero. Ife Asilamu luso limeneli si lachilendo, pakuti chaka chilichonse m'mwezi wa Ramadhani timasiya masana chakudya ndi madzi, zinthu zololedwa, n'kuzindikira kuti tikhoza kuziuza kuti dikirani. Mwezi ukatha, munthu adzifunse chimene wachisowadi. Kawirikawiri chimakhala chochepa: timu imodzi, masewero amodzi pa sabata, kucheza ndi anzake awiri atatu. Chimenecho asunge, ndipo achiikire malire a ndalama ndi a nthawi asanabwerereko, monga mayi amapatulira ufa wa mwezi chimanga chisanathe m'nkhokwe. Masewero olanda swala ya Fajr ndi okwera mtengo, ngakhale olowera atakhala aulere.

Avomerenso kuti buku lake silidzadzaza. Opanga zinthuzi amadya chifukwa cha mipata, ndipo buku lina limatuluka lakale lisanathe. Jezi yatsopano idzabwera chaka chilichonse. Munthu amene wanena mumtima mwake kuti zanga zakwana pano wachoka pampikisano umene sakanaupambana. Chithunzi chimodzi cha Gabadinho, chimene bambo angathe kufotokozera mwana wake kumene anali usiku uja, chimaposa mazana a zithunzi zopanda nkhani.

Zotsalazo apereke. Ngakhale osonkhanitsa a ku Ulaya amadziwa kuti buku limadzaza msanga posinthana ndi anzako kusiyana ndi kugula wekha, chifukwa chobwereza chako ndi chosowa cha wina. Majezi asanu ogona m'chikwama akhoza kuveka theka la timu ya ana a m'mudzi amene akusewera mpira wachikulunga ali pamimba. Woperekayo amapeputsa chikwama ndi mtima womwe, ndipo akapita kukaonera anawo Loweruka masana, amakumananso ndi mpira umene anaukonda poyamba, wopanda bandulo ndi tikiti.

Inu makolo, mukaona mnyamata wanu akukwiya timu ikagonja, akugona masana, akubwereka ndalama za bandulo, musayambe ndi kumukalipira. Mufunseni kuti ndi liti pamene masewero anamuseketsa komaliza, ndipo mudikire yankho. Mwina ndinu oyamba kumuuza kuti akhoza kutula mtolowo popanda kutaya chimene amachikonda.