Kodi kukhala chete ndi kuvomera?

Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko m'mudzi, wapampando akafunsa kuti "Tagwirizana eti?" anthu amaomba m'manja. Ine ndimadzifunsa: tagwirizanadi, kapena tangoopa kutsutsa akuluakulu?

Taganizani za nyanja ya Chiuta kuno ku Machinga. Mu 1995 asodzi a kumeneko anadzikhazikitsira okha makomiti a m'madoko, n'kuthamangitsa makoka a nkacha omwe ankakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Chigamulocho chinagwira chifukwa ochipanga ndi omwewo amene akanagona ndi njala nsomba zikanatha. Lamulo la boma lolola anthu kutenga nawo mbali poyang'anira usodzi linachita kubwera pambuyo, mu 1997.

N'chifukwa chake ndimati mfundo imakhala yachilungamo pokhapokha amene adzaisenze atalankhulapo. Wapampando azilankhula pomaliza. Mayi wakhala kumbuyo uja azifunsidwa koyambirira, amfumu asanatsokomole n'komwe.

Inde, msonkhano wotere umatalika, nsima mpaka kupola. Koma mfundo yomangidwa m'mphindi khumi anthu amakaimasula kuchitsime, ndipo tsiku loumba njerwa likafika, oomba m'manja aja saoneka.