Kabotolo Kali M'manja Mwanu

Inu alangizi a zaumoyo, anamwino ndi a ku labotale, amene mumapala chimbudzi cha mwana wodwala n'kuika m'kabotolo, musadziderere! Ntchitoyi ndi yonyansa m'maso, ndipo pa wailesi dzina lanu silimveka, koma mliri ukamalowa m'dziko, oyamba kuugwira ndinu.

Mu Novembala 2021 kamtsikana ka zaka zitatu ku Lilongwe kanafa ziwalo mwadzidzidzi. Wina anatenga chimbudzi chake, nachisunga bwino. Chinakayezedwa ku labotale ya NICD ku Johannesburg, kenako ku labotale ya CDC ku America, ndipo pa 17 Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti poliyo wabwerera, wa mtundu wochokera ku Pakistan, patatha zaka 30 asakuoneka kuno. Katemera anafika khomo ndi khomo, mpaka ku Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Zonsezi zinatheka chifukwa kachilomboko kanafika ku labotale kasanafe.

Nanga kabotolo kaja kakanagona padzuwa? Makina akanati mulibe kanthu, tonse tikanapumira m'mwamba, kachilombo kakuyendabe m'midzi. Chigayo, kaya chikhale chatsopano chotani, chimanga chofumbwa sichitulutsa ufa wabwino. Ine ndimaopa yankho labodza lotere kuposa kusayeza kumene, chifukwa limagonetsa anthu tulo.

Choncho gwirani ntchito ngati dziko lonse likukuyang'anani. Mwana akalefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, musadikire Lolemba. Tengani chimbudzi kawiri, motalikitsa maola 24, masiku 14 asanathe chiyambire vutolo. Chikhale chochuluka ngati chala chachikulu, osati kungodetsa botolo. Tsekani chivindikiro mpaka chilimbe. Lembani dzina, mudzi ndi tsiku mooneka bwino, ndi cholembera chosafufutika chikanyowa, poti botolo lopanda dzina, ngakhale lipezeke ndi kachilombo, a katemera adzalowera kuti? Ikani m'bokosi lozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo lifike ku labotale masiku atatu asanakwane.

Nanunso a njinga yamoto, fumbi ndi matope tikuzidziwa, koma bokosilo lisakhale pabwalo mukamadya nkhomaliro.

Magolovesi akatha, kaitanitseni mwaphokoso. Firiji ikazima, imbani foni kwa akuluakulu usiku womwewo. Botolo likatayikira panjira, musabise. Bwererani kumudziko, mukapepese kwa mayi wa mwanayo, mukatengenso china.