Kodi changu chingakhale tchimo?

Ambiri mumpingo mwathu amati ulesi ndiwo tchimo, ndipo changu n'chabwino nthawi zonse. Ine sindivomereza, ndipo chimene chinandilimbitsa maganizo ndi kabawuti kotulutsira oyilo kunsi kwa injini ya Toyota Corolla yanga.

Galimotoyi ndi ya m'gulu la zija zimachokera ku Japan, kutsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Oyilo ndimasintha ndekha pakhomo. Ndimayamba ndaliza injini pang'ono kuti oyilo afunde, ndimakweza ndi jeke n'kuika zochirikiza zolimba, chifukwa jeke payokha sungaidalire uli pansi pa galimoto, kenako ndimatchera beseni n'kumasula bawuti ya mutu wa mamilimita 14. Nthawi ina nditatanganidwa ndinasiyira ntchitoyi makaniko wina wa m'tauni. Tsiku losinthanso litakwana, bawuti inakanirira. Sipanala inayamba kuterereka, kudya ngodya za mutu wake. Pamenepo munthu uyenera kuima, chifukwa mutu ukangokhala wozungulira wataya pogwira. Ndinabwereka soketi ya ngodya 6, yogwira mbali zonse, ndinaikhomerera ndi hamala, ndinalowetsa paipi kuchogwirira kuti chitalike, n'kukoka pang'onopang'ono, ndikudzikumbutsa za mbali yomasulira, poti munthu wogona chagada amasokonezeka msanga. Inagonja ndi kaphokoso kamodzi. Washa anali ataphwanyikiratu, mazinga atayamba kudyeka.

Makanikoyo sankadana nane. Anamangitsa bawutiyo poopa kuti oyilo angadonthe ine n'kubwerera kukamudzudzula. Koma chimene chimatseka oyilo pamenepo ndi kawasha kofewa ka aluminiyamu, kamene kamafuna kupanikizidwa pang'ono chabe. Opanga galimotoyi amati mphamvu ya pafupifupi 40 Nm yakwana, ndipo dzanja limodzi limaikwanitsa bwinobwino. Zonse anawonjezerapo sizinateteze injini. Zinateteza mbiri yake, ndipo mtengo wake anausiyira munthu wodzamasula. Ichi ndicho chimandisautsa: iye anapita kwawo ndi mtima woyera, akudziwa kuti wagwira ntchito mokhulupirika.

Ndine mkulu wa mpingo, ndipo mtima womwewu ndimauona tikakhala pabwalo. Mtsikana akatenga pathupi asanakwatiwe, wina amapempha kuti nthawi yake yokhala kunja italikitsidwe, ati kuti ena atengerepo phunziro. Mayi wamasiye akatsalira pa zopereka, pamamveka mawu oti maliro ake asadzaimbidwe. Olankhula zimenezi si anthu oipa, ambiri ndi amene amalawirira kutchalitchi kuposa tonsefe. Amaopa kuti mpingo ungalekerere, anthu n'kumatiloza chala. Koma amene adzalimbane ndi chigamulocho si iwo. Ndi mtsikanayo, ndi ana a mayiyo, ndi m'busa wa mtsogolo amene adzayesa kuwabweza n'kupeza kuti palibenso pogwira.

Mkangano umenewu ndi wakale. Machitidwe a Atumwi mutu 15 akusimba za msonkhano wa ku Yerusalemu, kumene Afarisi ena okhulupirira ankafuna kuti anthu a mitundu ina adulidwe ndi kusunga chilamulo cha Mose. Ankakonda Mulungu, ndipo anali ndi malemba kumbali yawo. Komabe Petro anawatsutsa, Yakobo anagamula kuti abale atsopanowo apatsidwe zoyenera kusunga zochepa chabe, ndipo mpingo unatumiza kalata ku Antiokeya. Akanapambana achangu aja, sindikudziwa ngati uthenga ukanafika kuno kwathu.

Wina adzati, nanga bawuti yomangidwa mofooka? Ameneyo akunena zoona, ndipo sindimupeputsa. Bawuti ikagwa panjira, oyilo amatayika yense, injini n'kunoka; kutayika kwake n'kwakukulu kuposa mazinga odyeka. Mpingo wopanda mwambo nawonso umatha. Ndiye chifukwa chake kumangitsa kumakopa: kumaoneka ngati kulakwira kumbali yabwino. Koma wopanga anaika muyeso, ndipo woudumpha, kaya kumunsi kaya kumtunda, wakana mawu a wopangayo. Wolekerera sasamala. Womangitsa sakhulupirira kuti kawasha kofewako kangagwire ntchito yake, monga mmene ife akulu nthawi zina sitikhulupirira kuti chisomo chingasinthe munthu popanda ife kuwonjezerapo dzanja. Kumeneko ndimakutcha kuchepa kwa chikhulupiriro, ngakhale kuvale jekete ya changu.

Akulu anzanga, mlandu wotsatira ukadzafika pabwalo lathu, tisanawonjezere mwezi wina pachilango kapena lamulo lina pabuku, titchule dzina la munthu amene adzalisenze, ndipo mmodzi wa ife avomere pomwepo kuti adzamuyendera kunyumba kwake mpaka atabwerera.