MABULEKI A CIREMA COBISIKA: MLANDU NGWA YANI?

Pali mau amene timawamva kawiri kawiri pa maliro a munthu wofa pa ngozi ya pa mseu. Anthu amati, "Linali tsiku lace, tsoka silinunkha." Mau awa atonthoza mitima ya ofedwa, ndipo sitifuna kuwalanda citonthozo cao pa tsiku la misozi. Koma maliro atatha, ife otsala tiyenera kudzifunsa ngati mauwo ali oona nthawi zonse. Kodi palibe tsoka lina limene linayamba kale kununkha, anthu nangotseka mphuno zao? Kuti tiyese funso ili, tiyeni titenge nkhani ya ku maiko akutali, ya njinga zamoto zothamanga kwambiri, ndi cirema cimene cinapezeka m'mabuleki ace.

Ku Japan, m'mzinda wa Hamamatsu, kuli kampani yochedwa Suzuki. M'caka ca 1985 anayamba kugulitsa njinga yamoto ya mtundu wa GSX-R750, yopangidwa monga za pa mpikisano: yopepuka, ya injini yamphamvu, wokwerapo nakhala cowerama. Njinga zotere sizisenza matumba a cimanga ai. Nchito yace ndi liwiro, ndipo zikhoza kupitirira makilomita 200 pa ola limodzi. Ngakhale pa makilomita 100 pa ola, njinga ipita mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime uwirikiza kanai. Cotero moyo wa wokwera uli pa zala zace za dzanja lamanja, zimene zigwira mabuleki a gudumu lakutsogolo. Pakuti poima kulemera kuthamangira kutsogolo, ndipo gudumu limenelo ndilo ligwira nchito yaikuru.

Magwiridwe ace ndi otere. Wokwera akafinya cogwirira, ico cikankha kacitsulo kochedwa pisitoni, kamene kali m'kati mwa kamtondo ka pa handulo. Kacitsuloko kakankha mafuta a mabuleki m'mapaipi, ndipo mafutawo apanikiza mapadi pa mbale ya citsulo imene izungulira pamodzi ndi gudumu. Nzeru yonse yagona pa cinthu cimodzi, ndico cakuti mafuta safinyika, cotero mphamvu ya zala ifika ku gudumu yonse yathunthu. Koma mpweya ufinyika monga thonje. Ukalowa m'njira ya mafuta, cogwirira cikhala cofewa, dzanja lifinya koma gudumu licedwa kumva, ndipo njinga iima patali kuposa pamene mwini wace anafuna.

M'caka ca 2013 a Suzuki anaitanitsa njinga zoposa 200,000 m'dziko la United States kuti zikakonzedwe: za GSX-R600 ndi GSX-R750 za caka ca 2004 kufikira 2013, ndi za GSX-R1000 za 2005 kufikira 2013. Cirema cace cinali ici. Mafuta a mabuleki amamwa cinyezi pang'ono pang'ono, ndico cifukwa cace opanga alangiza kuwasintha zaka ziwiri ziri zonse. Pamene mafuta anakhalitsa osasinthidwa, madzi aja anayamba kudya pisitoni, pakuti cokutira cace cocinjiriza ku dzimbiri cinali cosakwanira. Kudyekako kunabala mpweya. Ndipo popeza kakhomo kopita ku kabotolo ka mafuta kanali m'mbali, mpweyawo sunapeze poturukira, nuunjikana m'katimo. Pokonza anacotsa kamtondo konse, naikapo kena ka pisitoni yokutidwa bwino, kakhomo kace kali pamwamba, pamene mpweya ukwera wokha. Eni njinga sanalipire kanthu.

Taonani, abale: kunja njinga inali yonyezimira, injini irikulira bwino, koma m'kacitsulo kakang'ono ngati cala munali imfa irikukula mwakacetecete. Munthu akadafa nayo, mlandu ukadakhala wa yani?

Tiyambe ndi wopanga. Iye angathe kunena kuti, "Ndinagulitsa, ndalama ndinalandira, zotsala nza mwini." Koma cilamulo ca Mose sicilola mau otere. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba yatsopano alamulidwa kuika mpanda m'mbali mwa tsindwi, pakuti anthu a dziko lija amakhala pa matsindwi ao athyathyathya. Munthu akagwa popanda mpandawo, mwazi wace ukhala pa nyumbayo. Womangayo sanakankhe munthu, sanamfunire coipa, mwina sanamdziwe nkomwe; koma anadziwa kuti anthu amagwa. Comweconso mmisiri ali yense ali ndi mangawa kwa anthu amene sadzawaona, amene adzakhulupirira nchito ya manja ace. Mangawawo satha pa tsiku la malonda. Akazindikira pambuyo pace kuti analakwa, ayenera kuulula poyera ndi kukonza, ngakhale kutero kumdyera cuma cambiri ndi kumcititsa manyazi.

Wina adzati, "Akuru a makampani sacita izi cifukwa ca cikondi, lamulo la dziko lija liwakakamiza kuulula cirema coopsa ndi kucikonza kwaulere." Za lamulolo anena zoona, ndipo za m'mitima ya anthu aweruza ndi Mulungu. Koma munthu amene anapulumuka wapulumuka ndithu, ndipo lamulo lokakamiza wamphamvu kusamala moyo wa wofooka ndi lamulo labwino. Cotiphunzitsa ife ncakuti, cimene anthu a malonda acita poopa boma, Mkristu acicite popanda womkakamiza. Mmisiri wa matabwa amene wazindikira kuti mtanda wa denga limene anakhoma uli wofumbwa, kapena wokonza njinga amene wakumbukira usiku kuti sanamange bwino nati, apite yekha m'mamawa akanene.

Tsono tifike kwa mwini njinga. Onani kuti cirema cija cinakula pamene zolakwa ziwiri zinakomana: wopanga sanakute bwino citsulo, ndipo mwini sanasinthe mafuta pa nyengo yace. Pa mabvuto ambiri a anthu ziri comweco. Ali yense aloza mnzace cala, pamene onse awiri anaikapo dzanja. Ndiponso kalata ya cenjezo itafika, katundu anacoka pa mutu wa wopanga nakhala pa mutu wa mwini. Pa kuitanitsa kotere sikuti onse amabwera. Wina aika kalata pambali nati, "Yanga ikali kugwira bwino, ndidzapita mwezi wa mawa." Wina agulitsa njinga kwa mnzace osachula kanthu. Pa Eksodo 21:28-29 pali mlandu wofanana nao. Ng'ombe ikapha munthu ndi nyanga mwadzidzidzi, mwini wace alibe mlandu. Koma ngati idali ndi khalidwe limenelo kale, mwini nauzidwa, osaisunga, pamenepo imfayo iri pa iye. Ng'ombe ndi yomweyo, imfa ndi yomweyo; casiyanitsa milandu iwiriyi ndi kudziwa. Wosadziwa tingamcitire cifundo, koma wocenjezedwa sangathenso kubwerera ku umbuli wace. Ndipo wokana dala kuyang'ana, poopa kuti angaone cofuna ndalama, ali pamodzi ndi wodziwa.

Pali mau ena amene amveka ngati a cikhulupiriro. Munthu ati, "Moyo wanga uli m'manja a Mulungu, ndikapemphera ponyamuka, cakwanira." Inde, moyo wathu uli m'manja mwace. Koma kumbukirani kuti mdierekezi anaika Ambuye wathu pamwamba pa Kacisi namuuza adziponye pansi, nachulanso Malembo. Ndipo Ambuye anakana, pakuti kutero kukadakhala kuyesa Mulungu. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku. Sanaone kuti cimodzi citsutsa cinzace. Amene anatipatsa moyo ndi Yemweyo anatipatsa maso, nzeru ndi zala zakumva kuti cogwirira cafewa. Kunyoza mphatso zimenezi ndi kuyembekeza cozizwa si cikhulupiriro ai, ndi ulesi wobvala malaya a pa Sabata. Ndiponso wokwera njinga saika moyo wace wokha pa ciswe. Pa mseu pali mwana wothamangitsa mbuzi, pali mai wosenza mtolo wa nkhuni. Iwo sanabvomere kuyesa Mulungu pamodzi ndi iye.

Mwina mudzati, "Ife a kumudzi tiribe njinga za mpikisano, nkhaniyi itikhudza bwanji?" Koma njinga zamoto za kabaza ziri m'miseu yathu yonse, ndipo ndizo zinyamula odwala kupita ku cipatala ndi amai kupita ku msika. Zina mwa izo ziri ndi mabuleki a mafuta kutsogolo, zina a waya. Koma kuyesa kwace sikutenga nthawi yoposa ya kusamba m'manja. Musananyamuke, finyani cogwirira: cilimbe msanga, cisafike pa handulo, ndipo mukacigwira kanthawi cisapitirire kulowa. Kankhani njinga pang'ono, muyese gudumu lakutsogolo palokha ndi lakumbuyo palokha. Penyani kabotolo ka mafuta: asatsike kupitirira mzere wapansi, ndipo akada adziwike kuti akalamba. Penyani mapaipi ngati ang'ambika kapena alikudontha, waya ngati wayamba kuthothoka, ndi mapadi ngati atha. Mukamva citsulo cirikukhuzana ndi citsulo cinzace, mwacedwa kale. Mukapeza cimodzi ca izi, njinga isayende kufikira mmisiri wodziwa ataikonza. Ndipo pothira mafuta, akhale a mtundu wolembedwa pa cibvundikiro, a m'botolo lotsekedwa bwino, osati a injini.

Sitibisa kuti pano pali cobvuta ceni ceni. Mnyamata wa kabaza akaimika njinga tsiku limodzi, ana ace agona ndi njala, ndipo ngati njingayo nja munthu wina, mwiniyo afuna ndalama zace madzulo ali onse. Nkwapafupi kwa wokhuta kulalikira za kusamala. Cifukwa cace mlandu suli pa mnyamata yekha. Uli pa mwini njinga amene alandira ndalama tsiku ndi tsiku koma akana kugula mapadi. Uli pa ife okwera amene timfulumiza, ndi kukwera atatu pa njinga imodzi kuti tilipire zocepa, osakumbukira kuti katundu wolemera atalikitsa poimira. Ngati mwini njingayo ali wa mu mpingo, akuru a mpingo amlankhule monga akadalankhula ndi wosunga ng'ombe yoopsa. Ndipo mnyamatayo awerenge bwino: njala ya tsiku limodzi itha, koma ana amasiye akhala amasiye zaka zonse.

Tsono funso lathu tiliyankha cotere. Ziripo ngozi zimene munthu sakadatha kuziona, ndipo pa izo titonthozane ndi kusiya zonse kwa Mulungu. Koma pamene cirema cinadziwika, kapena cikadadziwika ndi kuyang'ana kwa kanthawi kocepa, tisaike pa Mulungu mlandu umene uli wathu. Wopanga aulule, mwini akonze, wogulitsa anene zoona kwa wogula, wokwera afunse. Akuru anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Mbale wanga, ngati pali cinthu ca m'manja mwako cimene udziwa kuti cingapweteke munthu, kapena njinga, kapena ngolo, kapena citsime cosabvundikira, usadikire mwezi wa mawa. Ucikonze sabata lomwe lino, ndipo ukatero upemphere ulendo wabwino ndi mtima woyera.