Kumbani Dothi, Lembani Zomwe Mwapeza

Kwa zaka zambiri, m'mabuku a ku Ulaya ndi ku America munali chiphunzitso chomwe anthu ankangochimeza osatafuna. Chinkati dothi lofiira la m'mayiko otentha n'lachabechabe: ukangogwetsa nkhalango n'kulima, limauma gwaa n'kusanduka njerwa, osadzameranso mbewu. Aphunzitsi ankaphunzitsa zimenezo, ophunzira n'kumazilemba pa mayeso, n'kumakhoza. Mayiko athu anaweruzidwa kuti ndi a njala mpaka kalekale, oweruzawo ambiri asanakumbepo ndi dzenje limodzi lomwe m'katondo.

M'chaka cha 1975, Pedro Sanchez ndi mnzake Stanley Buol a ku North Carolina State University anatulutsa nkhani m'magazini ya Science yotsutsa chiphunzitsocho. Chida chawo chinali manambala. Anasonyeza kuti dothi louma ngati njerwalo lilipodi, koma ndi kachigawo kochepa, kosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a nthaka ya m'mayiko otentha. Nthaka yotsalayo ndi ya mitundumitundu, ina yachonde kwambiri, ina yodwala matenda odziwika dzina: asidi wochuluka, aluminiyamu wopsereza mizu, fosifolasi womatirira kudothi moti mbewu siingamufikire. Matenda odziwika dzina amakhalanso ndi mankhwala ake.

Ndikulankhula ndi inu, achinyamata amene mwakhala m'kalasi ku Bunda ndi m'masukulu ena a zaulimi, inu alangizi amene mumapalasa njinga kuzungulira midzi, inu amene anzanu amakusekani kuti munasankha maphunziro a matope pamene ena anasankha zamalamulo ndi zamabanki. Imvani za Sanchez uyu, kenako mudzifunse ngati mukadali ndi chifukwa chochitira manyazi.

Sanchez anabadwira ku Cuba mu 1940, n'kukaphunzira ku Cornell University ku America, kumene analandira digiri ya PhD mu 1968 atachita kafukufuku wa dothi la mpunga ku Philippines. Ndi pepala limenelo akanatha kukhala mu ofesi yozizira moyo wake wonse. Iye anapita ku Peru, poyamba pa ntchito ya mpunga, ndipo kuyambira 1972 gulu lake linakhazikitsa minda yoyeserera ku Yurimaguas, m'kati mwa nkhalango ya Amazon, kotentha, kwa mvula yosaleka, pa dothi la asidi limene akatswiri anali atalitaya kale.

Zimene anachita kumeneko n'zosasangalatsa kuzifotokoza, ndipo m'menemo ndi m'mene muli chinsinsi. Kubzala mpunga, chimanga, soya, mtedza. Kukolola. Kuika zokololazo pa sikelo. Kutapa dothi, kuliyeza, kulemba m'buku. Kubzalanso pamalo omwewo. Chaka ndi chaka, munda womwewo, mafunso omwewo: ndi chakudya chiti cha mbewu chomwe chatha tsopano, chatha liti, tibwezeretse chochuluka bwanji? Patapita zaka khumi, mu 1982, ndi pamene analemba mu Science kuti dothi lija likhoza kulimidwa mosalekeza ngati ulithira laimu ndi feteleza molingana ndi zomwe kuyeza kwasonyeza. Zaka khumi! Masiku ano tikufuna kuti pulojekiti ya miyezi 18 itipatse yankho, lipoti, ndi chithunzi chojambulitsa ndi nduna. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dothi limachedwa kuyankha kuposa nkhono.

Pali china chimene anapeza ku Yurimaguas chomwe ndimachikonda kwambiri. Anayerekeza munda wolambulidwa ndi chimakina chogwetsa mitengo ndi munda wolambulidwa monga ankachitira alimi a kumeneko, kudula ndi manja n'kutentha. Chimakina chinagonja. Chinkatsendereza dothi n'kukankhira kumbali nthaka yapamwamba, pamene phulusa la alimi aja linkachepetsa asidi n'kuwonjezera chakudya cha mbewu. Anthu ophunzira kwambiri anayeza, napeza kuti mlimi wosapita kusukulu ndiye anali kukhoza, ndipo analemba zimenezo poyera. Ndi angati mwa ife amene angalimbe mtima chotero?

Musaganize kuti aliyense anaombera m'manja. Mu 1987 wasayansi wina, Philip Fearnside, analemba motsutsa kuti njira ya ku Yurimaguas imafuna feteleza, laimu ndi kuyeza dothi pafupipafupi, zinthu zomwe mlimi wosauka wa ku Amazon sangazikwanitse popanda thandizo. Mfundoyo inali ndi mano. M'chaka chomwecho Sanchez ndi José Benites anatulutsa zotsatira za njira ina yosalira zipangizo zambiri, yodalira mbewu zopirira asidi ndi zomera za m'gulu la nyemba zobwezeretsa chonde. Umu ndi m'mene nzeru imakulira: wina alemba, wina atsutsa, onse abwerera kumunda. Ambiri mwa inu mumabisa zolemba zanu poopa kuti akatswiri azing'amba. Azing'ambe! Pepala long'ambidwa ndi akatswiri limabwerera kwa mwini wake lili lolimba kuposa m'mene linapitira.

Buku lake lalikulu, Properties and Management of Soils in the Tropics, linatuluka mu 1976 ndipo linakhala buku lophunzitsira m'masukulu a ukachenjede m'mayiko ambiri otentha. Mu 2019, patapita zaka 43, mwini wake analitulutsanso atalilemba mwatsopano, ali ndi zaka pafupifupi 80. Munthu amene anali atalandira kale mphotho zikuluzikulu anakhalanso pansi n'kukonza buku la unyamata wake, chifukwa sayansi inali itayenda ndipo bukulo linayenera kuyenda nayo.

Nkhani yake inafika kwathu kuno. Kuyambira 1991 mpaka 2001 anatsogolera bungwe la ICRAF ku Nairobi, lofufuza za kulima mbewu pamodzi ndi mitengo. M'zaka zimenezo ofufuza a bungweli ndi a maboma athu ankayesa mitengo yobwezeretsa chonde ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ndi ku Makoka m'boma la Zomba. Ku Msekera ankagoneka munda zaka ziwiri kapena zitatu utabzalidwa jerejere. Ku Makoka, kumene minda ndi yaing'ono moti palibe angaigoneke, anabzala gilirisidiya m'kati mwa chimanga, n'kumasadza masamba ake ndi kuwakwirira m'mizere. Chimanga cha m'mitengomo chinkabereka kuposa kawiri poyerekeza ndi chimanga chopanda feteleza. Ukaona lero gilirisidiya m'munda wa mayi wina ku Thondwe, dziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu amene anapsa ndi dzuwa akuyeza zitsononkho pa sikelo kwa zaka zambiri.

Mu 2002 Sanchez analembanso mu Science za njala ya mu Africa, n'kuika patsogolo manambala amene ofufuza ena anasonkhanitsa m'mayiko 37: kwa zaka 30, hekitala iliyonse yolimidwa inkataya pa chaka makilogalamu 22 a nayitulojeni, 2.5 a fosifolasi ndi 15 a potaziyamu. Tiwerengere limodzi. Thumba la yuriya la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitulojeni. Ndiye kuti pa hekitala iliyonse, chaka chilichonse, pafupifupi thumba lathunthu linkatuluka m'munda kudzera m'zokolola, m'mapesi otenthedwa ndi m'madzi okokolola, osabwezedwa. Nkhaniyo inali yaifupi, ya masamba awiri okha, koma inathandiza kuti atsogoleri ndi opereka thandizo ayambe kutchula chonde akamakamba za njala. Chaka chomwecho analandira mphotho ya World Food Prize.

Si zonse zimene anagwira zinayenda bwino. Midzi ya Millennium Villages, imene anaiyambitsa ndi Jeffrey Sachs ndipo umodzi unali Mwandama ku Zomba komweko, inakolola chimanga chambiri m'zaka zoyambirira, koma kauniuni wa mu 2018 anapeza kuti zolinga zomwe zinakwaniritsidwa zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine ndimaona kuti anafulumira kulonjeza. Komabe tikutha kuweruza ntchitoyo lero chifukwa inalembedwa ndi kuyezedwa. Mapulojekiti angati adutsa m'midzi mwathu n'kuzimirira osasiya ngakhale tsamba limodzi loti wina aphunzirepo?

Mwina mukuti zimenezi n'za anthu a ku Cornell, ife tilibe zipangizo. Imani kaye. George Kanyama-Phiri, amene anadzakhala mkulu woyamba wa LUANAR, anali m'gulu lomwe mu 2010 linasindikiza m'magazini ya PNAS zotsatira za kasinthasintha wa chimanga ndi nandolo ndi mbewu zina za m'gulu la nyemba, zoyesedwa m'minda ya alimi a ku Malawi, pamodzi ndi Sieglinde Snapp ndi anzawo. Allan Chilimba ndi anzake anasonyeza mu 2011 kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi seleniyamu wochepa chifukwa cha asidi wa m'dothi, pamene cha m'makande a ku chigwa cha Shire chili naye wambiri. Mu 2021 dzina la Patson Nalivata wa ku LUANAR linali m'gulu la mayina oyambirira pa nkhani ya m'magazini ya Nature yosonyeza kuti michere ya m'chimanga imasiyana malinga ndi dera lomwe chalimidwa. Anthu amenewa anatapa dothi lomweli limene mumaponda popita ku chigayo, ndipo dziko lonse linawerenga.

Ntchito ikadalipo yambiri, yoti sitingaimalize m'badwo uno. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe a United Nations anayerekeza kuti mu 2014 Malawi inkataya matani 29 a dothi pa hekitala pa chaka. Alimi akudandaula kuti thumba la feteleza silikuberekanso monga kale, ndipo dandaulo limenelo ndi funso la sayansi lomwe likudikira munthu: vuto ndi asidi, ndi kutha kwa manyowa a m'nthaka, ndi kaufiti, kapena ndi kuthira mochedwa? Yankho la ku Mulanje silingakhale la ku Kasungu. Pamene mafunsowa akudikira, zolemba za ophunzira omaliza digiri zikudyedwa ndi chiswe pa mashelefu, ndipo akatswiri ena akutha nsapato m'mahotela a kunyanja kusaka alawansi ya misonkhano yokambirana za chonde chomwe sanachiyezepo.

Tsitsani buku lanu lija pa shelefu, mulifupikitse, mulitumize ku magazini ya sayansi. Akalikana, konzani zomwe anena, mutumizenso kwina. Mukamaliza, mulilembenso m'Chichewa pa tsamba limodzi loti mlangizi awerengere alimi pansi pa mtengo. Inu alangizi, gulani kope lolimba chikuto, muzilemba tsiku lobzala, tsiku lothira feteleza ndi matumba okololedwa pa minda yachitsanzo, ndipo mukasamutsidwa mulisiye m'manja mwa wolowa m'malo mwanu. Mvula isanagwe chaka chino, sankhani munda umodzi, muudule zigawo, mukhome zikhomo zolimba m'malire, mutape dothi la pamwamba ndi la pansi, mulitumize ku Chitedze kapena ku Bvumbwe akaliyeze, ndipo mupangane ndi mwini mundawo kuti zikhomozo zisazulidwe mpaka zitatha zaka khumi.