Dzino Likawola, Mlandu Ndi wa Yani?

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tiope Allah pa zonse zimene anatisungitsa. Dzino likabooka timafulumira kunena kuti Allah ndiye wafuna. Zoonadi, palibe chochitika popanda chifuniro chake. Koma kodi chikhulupiriro chimenechi chimatichotsera udindo?

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo limodzi likazulidwa silimeranso. Shuga wotsalira m'kamwa amadyetsa tizilombo totulutsa asidi, asidiyo n'kumadya dzino pang'onopang'ono. Litsiro losachotsedwa limatupitsa nkhama mpaka kutuluka magazi. Allah anaika zoyambitsa matenda, natipatsanso nzeru zozipewera.

Palibe anadalira Allah kuposa Mtumiki Muhammad (SAW), komabe iwo ankatsuka mano ndi miswak akadzuka usiku ndiponso akalowa m'nyumba. Ngakhale pa matenda awo omaliza, mayi Aisha anawafewetsera kamtengoko kuti atsukire. Dzina lakuti mswachi linachokera kumeneko.

Choncho tizitsuka mano m'mawa ndi pokagona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Tichepetse maswiti kwa ana athu. Tizipita kuchipatala dzino lisanayambe kutisowetsa tulo. Thupili tangosungitsidwa, ndipo mwini wake adzatifunsa mmene tinalisamalira.

Allah atipatse thanzi ndi mitima yothokoza. Ameen.